Amayi akaleka kuwomba m'manja: tsiku limodzi panjinga pakati pa Nathenje ndi Mitundu

Pali mawu awiri amene ife opita kusukulu timabisalako tikafuna kuthawa ntchito yoganiza: "chikhalidwe chathu". Woyimba akatulutsa nyimbo, pa Facebook pamakhala phokoso sabata yonse, wina akuti mawu ake ndi opepuka, wina akuti biti yake anaba ku Nigeria. Sewero likachitika mu holo ku Lilongwe timakangana za amene anasewera bwino ndi amene amangokuwa. Koma gule akatuluka pabwalo timangolemba kuti "chikhalidwe chathu n'chokongola", kuika ka emoji ka moto, basi tadutsa. Ine kumeneko sindikuona ulemu. Chinthu chimene sungathe kunena kuti apa chakoma, apa chalephera, ndiye kuti sunachiyang'ane n'komwe.

Ndiye mwezi wathawu, chimanga chili m'nkhokwe, fumbi litayamba, nyengo ya ziliza itafika, ndinabwereka njinga ya msuweni wanga pa Nathenje ndi cholinga chimodzi: kuonera chilichonse chimene munthu akuchita ndi thupi lake pamaso pa anthu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, n'kuchiweruza momwe ndimaweruzira mabuku pano. Ku yunivesite zoterezi ankazitcha performance art, ndipo zitsanzo zake zinali zakutali zokhazokha, monga Marina Abramović amene mu 2010 anakhala pampando ku New York pafupifupi miyezi itatu, akungoyang'anana ndi aliyense wobwera kudzakhala patsogolo pake. Ine ndinkafuna za pakati pa Nathenje ndi Mitundu.

Za njingayi musaganize kuti ndi zokometsera nkhani. Ukafuna tala yekhayekha kuchokera pa Nathenje, uyenera kubwerera cha ku Lilongwe pa M1 n'kukakhotera msewu wa ku Bunda. Panjinga umangodula m'midzi, phiri la Bunda likukulondolera. Chachikulu n'chakuti panjinga yakapalasa umamva. Pa kabaza wa njinga yamoto umamva injini basi, pomwe apa ng'oma ikalira kutsidya kwa dambo umaimva, umaima, umakhota.

Ku Mitundu linali tsiku la msika. Amene munafikako mukudziwa: njinga zosenza matumba a mtedza ndi soya, mbuzi zomangidwa pakaliyala, milu ya kaunjika, ndi timasipika tobwereza mawu amodzimodzi ojambulidwa kale, mwini wake atakhala phee akusewera ndi foni. Pakati pa phokoso limeneli panali bambo wina wogulitsa mankhwala a makoswe, wopanda sipika. Iyeyu ankasanduka khoswe. Kununkhiza m'mwamba, kuyandikira kambale mozemba, kudya, kenako kubwerera kuuna kukauza mkazi wake kuti lero wapeza phwando. Imfa ya khosweyo inkatenga mphindi ngati zitatu: kutsanzika ana, kugawa chuma, kupepesa kwa mphaka.

Luso lake lenileni linali kudikira. Sanatchule mtengo mpaka anthu atamuzinga mbali zonse. Mnyamata wina atakuwa kuti, "Madala, makoswe akwathu zimenezo amadya ngati chiponde!", iye sanapse mtima. Anamulowetsa m'seweromo, namutcha mlamu wake wa khosweyo amene wabwera kudzalanda katundu wamasiye. Anthu kufa nako kuseka, timapaketi n'kumayenda. Pomwe ankagwa m'pakuti nzeru zikamuthera ankatembenukira kwa mayi aliyense wodutsa n'kuyamba kunena za thupi lake. Amuna ankaseka, amayi ankachoka, chonsecho amayiwo ndi amene amagula mankhwala a makoswe. Nthabwala yaulesi, ndipo inkamudyera ndalama iye mwini.

Masana ndinapeza gulu la achinyamata pabwalo la sukulu ina, atavala malaya ofanana a bungwe lina, akuchita sewero la maukwati a ana. Nkhaniyo ndi yofunika, palibe wotsutsa, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Mnyamata amene ankasewera ngati atsibweni ofuna kukwatitsa mtsikana kwa venda wa fodya anali katswiri. Sanawapange atsibweniwo kukhala chilombo. Anawapatsa zifukwa: mtengo wa feteleza, fizi ya kusekondale, nkhokwe imene idzatha Disembala asanafike. Akuwerenga zimenezi pazala, ndinamva amayi ena kumbuyo kwanga akung'ung'udza kuti "komatu n'zoona". Pamenepo ndiye sewero linali litapsa. Anthu anali atadziona okha, ndipo zinawawawa.

Nthawi yomweyo mkulu wa gululo anawomba m'manja katatu, sewero linaima, nafunsa: "Kodi zimene akuchita atsibweniwa n'zabwino?" Bwalo lonse: "Ayiii!" ngati ana a Sitandade 2. Kenako pepala lolembapo mayina linayamba kuzungulira.

Zinandipweteka chifukwa njira yoimitsa sewero n'kufunsa anthu ili ndi mbiri yabwino kuno. Anthu ngati Chris Kamlongera ndi David Kerr a ku Chancellor College, m'zaka za m'ma 1980, ankapita nayo m'midzi ya cha ku Liwonde pa nkhani za umoyo, ndipo cholinga chinali chakuti anthu akangane zenizeni, mathero a sewero asadziwike pasadakhale. Chatsala lero ndi chikombole chake chokha. Funso limafunsidwa yankho lake litalembedwa kale kumsana kwa malaya. Amayi aja amene anati "n'zoona" sanapatsidwe mpata wonena kuti feteleza agula ndi chiyani. Anayankha "ayi" pamodzi ndi anzawo, nalemba dzina, nanyamuka. Sewero lotere silikuyankha kwa anthu amene ali pabwalopo, likuyankha kwa lipoti limene likalembedwe ku ofesi. Malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo aja, sankaima pakati n'kutifunsa ngati zochita za Izeki zinali zabwino. Ankatikhulupirira kuti mutu tili nawo.

Pobwerera ndinadzera njira ina, chifukwa atsibweni anga enieni anali atandiuza kuti pamudzi wina pali chiliza cha mkulu wina ndipo gule atuluka. Ndinawapeza akundidikira pamphambano. Ndineneretu kwa inu a mpingo, amene ndikudziwa kuti ndinu ambiri pano: sindikukuitanirani kudambwe, ndipo za kudambwe si za pa intaneti. Ndikulemba za pabwalo, zimene mwana, mlendo ndi wodutsa aliyense amaona masana dzuwa likuswa mtengo.

Tinafika ng'oma zikuwambidwa pamoto wa mapesi. Bwalo linali pansi pa mtengo waukulu, amuna mbali yawo, mafumu pamipando, amayi ataima mothithikana moyang'anana ndi ng'oma, ana m'mitengo ngati mbalame. Panadutsa nthawi yaitali osachitika kanthu. Mpanje unkayesedwa, kusiyidwa, kuyesedwanso. Kudikira kumeneku n'kumene vidiyo ya pa TikTok ilibe, ndipo ndi gawo la gule: mantha ndi chidwi zimafuna nthawi kuti zikhwime.

Anayamba ndi Kapoli, nthenga kumutu, thupi lopakidwa dothi, mawu ake apamwamba ngati akulira. Iye amaponya nyimbo, amayi amailandira. Pano m'pamene ndinayamba kuona mmene ntchito imagawidwira pabwalo. Ife timati ovina amatsatira ng'oma. Pa gule zimatembenuka: woimba mbalule maso ake amakhala pamapazi a chilombo, ndipo chilombo chikapalasa fumbi, chikaima mwadzidzidzi, chikagwedeza chiuno, mbalule imayankha pompo ngati anthu awiri akulankhulana. Ng'oma zina zimagwira msana wa nyimbo kuti awiriwa akhale ndi pokanganira. Wa silambe amalondolera njira. Ndiye amayi. Amayi ndiwo amanyamula nyimbo yonse ndi manja ndi mmero, ndipo ali ndi mphamvu imene wolemba ndemanga aliyense angaisirire.

Ndinaiona mphamvuyo pa chilombo chachitatu. Chinatuluka kuliunde ndi ukali, nsanza zili wirawira, chikwanje m'manja, ana n'kubalalika. Koma chitafika pa ng'oma, mapazi ake ankachedwa. Mbalule inachiyitana kawiri, katatu, icho n'kumangothamangathamanga kuopseza anthu m'malo movina. Palibe anatukwana. Amayi anangoyamba kuwomba m'manja mofooka, nyimbo inatsika, ena anayamba kumanga bwino ana kumsana, ena kucheza. Palibe analowa m'bwalo kukasupa. Pasanathe mphindi ziwiri chilombocho chinabwerera kumene chinachokera. Ndemanga yatha pamenepo, yopanda mawu, ndipo wolandira waimva. Ndakhalapo m'maholo momwe tonse tinaimirira kuwombera m'manja sewero lotopetsa chifukwa wolemba wake anali mnzathu. Kunoko kulibe zimenezo.

Makanja atabwera pamiyendo yake yaitali ija, anthu anakuwa, ndipo kutalikako kumachititsadi kakasi. Koma kwa ine Makanja ndi ngati ndakatulo ya mawu akuluakulu: ukadabwa kamodzi, watha. Amene ananditenga mtima ndi Chadzunda. Nkhope yakuda yamakwinya, kuyenda kotsimphina, kutsokomola, kugwira msana, nkhalamba yeniyeni yoti ikhoza kugwa nthawi iliyonse. Anazungulira bwalo motero mpaka ana anayamba kumuseka. Ndiye Maliya atalowa, ndi nkhope yake yowala, mpango ndi chitenje, akuvina mwaulemu maso pansi, nkhalamba ija inawongoka. Mapazi amene amakokedwa pansi aja anayamba kupalasa fumbi mofulumira moti mbalule inachita kuthamangira. Bwalo linaphulika. Nthabwala yake ndi yachidziwikire, nkhalamba yaona mkazi, koma pachiliza imanena zinanso: munthu amene tinamuika m'manda uja, mbumba yake ikadalipo, mudzi ukadabereka. Ndinaona mayi wina wachikulire, amene atsibweni anandinong'oneza kuti ndi mlongo wake wa malemuwo, akuseka misozi ili m'masaya, K500 ili m'manja akupita kukasupa.

Maliya ameneyu ali ndi mbiri yake. Amishoni atafika m'dera lino, a Dutch Reformed ku Nkhoma mu 1896 ndi Akatolika m'malo ena, analetsa akhristu awo za gule, ndipo mkangano wake unali woopsa kwa zaka zambiri. Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden analemba za nkhondo imeneyi. Gule sanayankhe ndi kalata. Anatenga anthu a m'Baibulo la amishoniwo n'kuwalowetsa m'bwalo: Maliya, ndi Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Ukapita ku Mua, ku Chamare Museum ya Kungoni Centre imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ukapeza nkhope za gule zopitirira 400, ndipo zambiri ndi ndemanga pa zinthu zimene zinafika m'mudzi kuchokera kunja. Amene amati gule ndi chinthu chakale chosasintha sanamuonere. Chilichonse chachilendo chikalowa m'mudzi, gule amachiyang'anitsitsa, kenako amachivina.

Tsiku limenelo anavina ife. Kunatuluka chilombo cha jekete yothina ndi magalasi amaso, m'manja chitanyamula chidutswa cha patapata chodulidwa ngati foni. Sichinapite ku ng'oma. Chinayamba kuloza "foni" ija kumaso kwa mafumu, kumaso kwa amayi olira, kuyenda chafutambuyo kufuna malo abwino mpaka kugwera pa mwana, kudzuka osapepesa, kudzijambula chokha pafupi ndi mbalule milomo itatosoka. Nyimbo ya amayi inali yonena za mlendo wobwera pamaliro ndi maso okha, manja ali m'thumba. Anyamata atatu a m'tauni amene analipira kwa atsabwalo kuti ajambule anapitiriza kujambula, akuseka, ndipo chilombo chinapita kukaima pambali pawo n'kumajambula nawo limodzi. Anthu anagona pansi ndi kuseka. Anyamatawo ankaganiza kuti akuseka nawo.

Ine foni yanga inali m'thumba chifukwa atsibweni anali atandiuza pamphambano paja kuti, "Mphwanga, kumeneko ukaonere ndi maso, chinthu chakocho usatulutse." Koma magalasi ndinali nditavala, ndipo mayi wina anandiyang'ana, nayang'ana chilombo chija, nagwira pakamwa.

Sindikunena kuti kujambula ndi tchimo. Ndikunena za chimene chimatsala ukadula masekondi 30 n'kuponya pa WhatsApp. Kamera imaloza chilombo, chifukwa ndicho chooneka. Amayi amakhala kunja kwa chithunzi, mawu awo ngati phokoso chabe. Malemu amene achititsa zonsezi sadziwika. Kudikira kuja kulibe, chilombo cholephera chija palibe amachiponya. Chotsala ndi chovala chochititsa mantha chikugwedezeka, ndiye m'munsimo ena alemba "ziwanda", ena alemba "chikhalidwe chathu", onse awiri osaona kanthu. Gule wa pamisonkhano ya ndale, amene tinamuzolowera kuyambira nthawi ya Kamuzu, amadwala matenda omwewa: bwalo lozungulira limasanduka mzere woyang'ana ku shedi ya akuluakulu, nthawi imaperekedwa ndi wa maikolofoni, ndipo wosupa ndi mmodzi, wa envelopu. Amayi akhoza kuleka kuwomba m'manja, palibe chingasinthe. UNESCO inalengeza gule wamkulu kukhala chuma cha dziko lonse lapansi mu 2005, m'dzina la Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo n'zonyaditsa, koma chimene chili chovuta kusunga si nkhope zosemedwa. Ndi ufulu wa amayi aja wotsitsa nyimbo.

Pali mbali ina imene sindingaidumphe, poti ndayamba ndi kunena kuti kulemekeza n'kuweruza. M'mawa, ndisanafike ku Mitundu, ndinakumana ndi zilombo ziwiri zikuthamanga mumsewu. Ndinatsika panjinga, kupatuka, kuika K200 pansi monga timachitira, zinadutsa. Koma atsikana awiri amene anali ndi ndowa kumutu anataya madzi awo n'kuthawira m'munda, ndipo kuthawa kwake sikunali kwa masewera. Nkhani za anthu omenyedwa panjira ndi za ana ojomba kusukulu poopa zilombo timazimva chaka ndi chaka, ndipo mafumu ndi a Chewa Heritage Foundation akhala akudzudzula zimenezi. Mantha a pabwalo ali ndi malire: pali atsabwalo, pali mfumu, pali ng'oma yoti chilombo chikayankhe. Mantha a pamsewu alibe woyankha kwa iye. Ndipo ndinaona kuti chilombo chimene chinadalira chikwanje pabwalo paja ndi chomwecho chimene chinalephera kuvina. Sindikukhulupirira kuti zinangochitika mwangozi.

Dzuwa litapendeka kunabwera Kasiyamaliro. Phokoso lonse linasintha. Nyama yaitali yolukidwa ndi makoko a chimanga, msana wopindika, nyanga kutsogolo, ikuzungulira pang'onopang'ono kenako mofulumira mpaka fumbi kuikwirira. Palibe nthabwala apa, ndipo amayi anayimba ndi mawu ena, otsika. Mwambo ukatha amabwerera kumene anachokera, ndipo yemweyo simudzamuonanso. Ambiri a inu dzina limeneli munalimva kudzera kwa Samson Kambalu, amene chosema chake cha John Chilembwe atavala chipewa, pambali pa mmishonale John Chorley, chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Anachitcha Antelope, ndipo iye mwini amaloza ku nyama ya gule imeneyi. Timafilimu take timene amatitcha Nyau Cinema sitipitirira mphindi imodzi, koma tinapangidwa kuti tikhale totero: iye amalowa yekha m'chithunzi, mumsewu wa mzinda wachilendo, nachita chinthu chodabwitsa odutsa. Anatenga nzeru ya gule n'kupanga chake. Zimenezo n'zosiyana ndi kuima kunja kwa bwalo n'kudula kachidutswa ka ntchito ya eni ake. Chimene chimandiseketsa n'chakuti chithunzi cha Antelope tinachigawana tonse pa status, monyada, pomwe Kasiyamaliro weniweni ali pamtunda woti minibasi ya ku Dedza imakutula ola lisanathe.

Ndinanyamuka kusanade chifukwa njinga ya msuweni wanga ilibe nyali, ndipo malole a pa M1 sadziwa munthu. Potuluka m'mudzimo ndinakankha njinga kumbuyo kwa agogo awiri amene ankakangana. Mmodzi ankati Chadzunda wa lero anafulumira kuwongoka, akanatsimphina kaye kuzungulira kachiwiri kuti anthu amuiwale. Mnzakeyo ankati ayi, vuto linali wa mbalule, dzanja lake lamanzere ndi lolemera, wa chaka chatha akanamunyamula bwino. Atandiona anandifunsa kuti, "Nanga inu achimwene a magalasi, mwaona bwanji?" Ndinati ine Chadzunda wandikwanira. Anayang'anana, woyamba uja nati, "Mwayamba liti kuonera?" Anapitiriza mkangano wawo mpaka pamphambano, pomwe iwo anakhotera kumanzere.